Liwu Lotsika M'kwaya ya Sitaleki

Kutatsala tsiku limodzi kuti apite ku mpikisano wa makwaya ku tauni ya Neiafu, Sitaleki anaimitsa nyimbo kachisanu ndi chiwiri pamalo omwewo.

"Alipo amene akutsika," anatero akugogoda benchi ndi kamtengo kake. "Kwa alito uko, pa Aleluya wachitatu."

Mu holo ya tchalitchi munkatentha ngati mu uvuni. Anthu anayamba kuimba m'mawa, ndipo timikeka timene anthu a pachilumbachi amavala m'chiuno tinali titanyowa ndi thukuta, koma panalibe wodandaula. Pamene Sitaleki ankayamba kutsogolera kwayayi munali anthu makumi asanu. Tsopano anatsala makumi atatu ndi mmodzi. Ena anawathamangitsa chifukwa chopuma pakati pa mzere wa nyimbo, ena anangosiya okha. Komabe zikho zitatu zinali pawindo la abusa, ndipo mudzi wonse unkayenda mapewa m'mwamba.

Lesieli, mkazi wake, anaima pamzere wachiwiri wa alito, maso ali pansi. Wotsikayo ankamudziwa. Chimuchitireni opaleshoni ya chotupa cha pakhosi chaka chatha, mawu ake ankati akakwera, ankagwedera pang'ono n'kugwa. Miyezi yonseyi ankangoyendetsa milomo nyimbo ikafika povuta, koma tsikuli, chifukwa cha kutopa, ankaiwala n'kuimba. Nkhaniyi anamubisira mwamuna wake. Akanamuyamba bwanji munthu wobweza malaya kuti uwasitenso chifukwa cha kamzera kamodzi pakolala? Mwana wawo Heilala anasiya kuimba ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mpaka pano akaimba foni kuchokera ku Auckland amayamba wafunsa ngati bambo ake ali pafupi.

"Chabwino," anatero Sitaleki. "Mmodzimmodzi. Tiyambire kumapetoko."

"Bola kukhoti, amakupatsako loya," ananong'oneza bambo wina kwa besi. Palibe anaseka.

Mayi woyamba anaimba mawu akunjenjemera, n'kupulumuka. Wachiwiri naye anapulumuka, wachitatunso. Lesieli ankawerenga otsala. Pambali pake panali mlamu wake Kalolaine, mlongo wamkulu wa Sitaleki, amene paphwando lililonse la banja ankakhala pamalo aulemu, ndipo mwa mwambo wa kwawo mchimwene wakeyo sankayenera kumukwezera mawu ngakhale tsiku limodzi. Kalolaine anamugwira Lesieli chala n'kuchifinya. Ndiye kuti ankamva nthawi yonseyi.

Itafika nthawi yake, Kalolaine anayamba bwinobwino, koma atafika pa Aleluya wachitatu anagwetsa mawu poyera.

"Wamupezatu wolakwayo," anatero. "Nkhalamba yatha mawu. Tiyeni timalize, anthu akaone nkhumba zawo."

Sitaleki anapendeketsa mutu.

"Si inu, achemwali. Inu mwatsika dala. Amene ndikumufunayo satsika kufika pamenepo."

"Ukuti ndikunama?"

"Ndikuti si inu."

"Iwe Sitaleki, ndinakubereka kumsana ine, ukundikodzera. Lero undiyese wabodza pamaso pa anthu?"

"Mukunama, inde. Wotsatira aimbe."

Amayi ena anagwira pakamwa. Mkulu wa mpingo amene anakhala pakhomo anadzuka ngati alankhula, n'kukhalanso pansi. Lesieli anayang'ana mlamu wake, ndipo manyazi anamugwira kuposa mantha.

"Musavutike, bambo a Heilala," anatero. "Ndine. Chichokereni kuchipatala mawu sakufika."

Mwamuna wake anamuyang'ana nthawi yaitali. Lesieli anadikira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anakhala naye m'nyumba, ndipo ankaganiza kuti mwina lero amva mawu ena.

"Mukanandiuza kale, tikanapanda kutaya tsiku lonse," anatero Sitaleki. "Mawa mukatisungire mabotolo a madzi. Kuyambira pamwamba, nonse."

Lesieli anaika buku la nyimbo pabenchi mosamala n'kutuluka. Kumbuyo anamva mapazi olemera a Kalolaine, kenako a amayi ena anayi. Asanafike n'kumsewu komwe, nyimbo inali itayambiranso mu holo, ndipo Aleluya wachitatu anatuluka wosalala, wopanda banga.

Loweruka lole inapita ndi anthu makumi awiri ndi asanu, ndipo anabwera ndi chikho. Lesieli anamva hutala ndi nthungululu ali kwa Kalolaine, kumene anagona, akupala kokonati kuseri kwa nyumba. Kuphwando la chikhocho abale a Sitaleki sanapiteko ngakhale mmodzi.

Lolemba m'mawa Sitaleki anafika ndi kankhumba kootcha, mtanga wa zilazi ndi mkeka wabwino, kudzapepesa kwa mlongo wake. Kalolaine anamusiya padzuwa mpaka masana. Lesieli ndiye anatopa nazo, n'kumutengera madzi akumwa.

"Tinapambana," anatero Sitaleki.

"Ndinamva," anayankha Lesieli.

Sitaleki anamwa madziwo, n'kumatembenuza kapu m'manja ngati akufunapo cholakwika.

"Pakhosipo pamapweteka?"

Aka kanali koyamba kufunsa chituluke mkazi wake m'chipatala.

"Ndikaimba basi," anayankha Lesieli.

Kalolaine analandira mkekawo, koma nkhumbayo anagawira anthu oyandikana nawo osalawako. Patapita milungu iwiri Lesieli anabwerera kunyumba kwake, koma kukwaya sanabwerereko. Lamulungu amakhala pabenchi yakumbuyo pamodzi ndi mlamu wake, n'kumaimba mmene mawu ake akufunira. Sitaleki, ali kutsogolo ndi kamtengo kake, amamva ndithu. Mapewa ake amauma, khosi n'kuchita thukuta, koma satembenuka.