Ula wa Alamu Anga

Ndinalota tili patebulo lathu la Loweruka, pomwe timachita masewera oyerekeza kukhala ankhondo ndi afiti, poyala mapu ndi kuponya madayisi, timiyala tokhala ndi madontho. Ine ndimasewera ngati woombeza, ndipo alamu anga a Yohane, oyendetsa masewerawo, ndiwo amayankha ula wanga. Lamulo lake n'lakuti ndikaombeza, iwo anene zoona.

Madayisi ankandiotcha m'manja ngati makala. Mapu a patebulo anayamba kununkhira perefyumu yemwe ndinamumva pa shati ya amuna anga. Ndinaponya madayisiwo n'kufunsa kuti, "Alamu, achimwene anu amagona kuti akamati ali ku ntchito?"

Iwo anatsegula buku la malamulo, masamba ake akuuluka ngati ngumbi. "Mlamu, apa akuti ndinene zoona. Sanalembe kuti ndinene lero."

Anzathu onse anaseka, m'kamwa mwawo mutadzaza madayisi.

Ndinadzuka manja akunyerenyesa. Kaya ndi malodza, kaya ndi nsanje chabe, sindikudziwa. Koma a Yohane akhala akutafuna mtedza wanga patebulo limenelo osandiyang'ana m'maso. Loweruka likubwerali ndiombezanso ndili maso, ndipo buku lawolo ndilikhalira.