Shafiti ya Galimoto Yogwada

"Osajuba, osadula, ba Kapambwe! Ikani pansi gilayinda iyo!"

Sultan analowa pageti akuthamanga, mapazi ali mbuu ndi fumbi la m'komboni ya Mtendere, mu Lusaka. Mlongo wake Rumaisa anasuzumira ali kunsi kwa galimoto ya malemu bambo awo, manja ali bii ndi girizi. Pambali pake, pa chiguduli, panagona shafiti, chitsulo chachitali chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi n'kukazunguza matayala akumbuyo.

Bambo awowo, a Hatibu, anamwalira asanaimalize galimotoyo. Inali pikapu yakalekale yobiriwira, imene anagula ana asanabadwe. M'miyezi yawo yomaliza anaitsitsa mpaka mimba yake kutsala pang'ono kukhudza pansi, anthu a m'komboni n'kuitcha Yogwada. Koma itatsika chonchi, shafiti yakale inatalika, sinalowenso pamalo pake. Tsopano tenti ya maliro inali itachotsedwa, abale a ku Mangochi atabwerera, ndipo panatsala kusankha: kuidula shafitiyo kuti galimoto ikhale yotsika, kapena kuikwezanso galimoto, shafiti ibwerere momwe inalili.

"Bana banga, mveranani," anatero ba Kapambwe, makaniko amene ankagwira ntchitoyi ndi malemu. "Shafiti ya mutundu uyu nasakila Lusaka yonse, kulibe. Tikajuba, tajuba."

"Ndiye tiikweze," anatero Sultan. "Motoka ifunika kusebenza, nizinyamulira tomato ku msika wa Soweto. Manje so, hampu imozi chabe, mimba yonse yasala pa mseu."

"Batate sibanali ofunta," anayankha Rumaisa akutuluka kunsi kuja. "Banaitsitsa na cholinga."

"Cholinga chabwanji? Mudala wa ndevu zoyera kufuna kupikisana na anyamata ba mu tauni!"

"Iwe, tomato wako uyo ukamunyamule pa wilibala."

Ba Kapambwe anaseka mpaka kutsokomola. Rumaisa sanadikire yankho. Analumphira pa chiwongolero n'kupotokola kiyi. Injini inakhosomola kawiri, kenaka inabangula, malata a nyumba n'kuchita kunjenjemera. Nkhuku zinabalalika. Amayi oyandikana nawo anatulutsa mitu pamwamba pa mpanda, wina n'kuimba nthungululu, kenaka n'kudzigwira pakamwa pokumbukira kuti pakhomopo panali maliro. Rumaisa anaponda mafuta. Anamuona mchimwene wake akuluma mlomo kuti abise kumwetulira.

"Wamvera?" anakuwa. "Iyi ni ya tomato iyi?"

"Kulira si kuyenda, sisi! Ilibe na shafiti!"

"Zimyani!" anakweza dzanja ba Kapambwe. "Lekani nipime poyamba. Koma shafiti sitipima motoka ili pa jeki. Iime pa matayala yake, na katundu wamene izanyamula ukhale mukati. Ngati sitichita so, izagunda difu pakati pa matayala ya kumbuyo, izanjenjemera monga chigayo."

Anaitsitsa pa jeki. Sultan anathamangira kuseri kwa nyumba kukatenga thumba la simenti, kuti onse aone mmene galimotoyo ingakhalire pansi ikasenza katundu weniweni. Akubwera nalo paphewa, chitseko cha nyumba chinatseguka.

Mayi awo, a Riziki, anali pa eda, miyezi imene mkazi wachisilamu wamasiye sachoka pakhomo, ndipo chiyikireni maliro anali asanapondeko ngakhale pabwalo. Anatuluka atafunda nsalu yoyera, akutsamira ndodo, akukoka mwendo umene unawavuta kwa zaka zambiri. Pokwera minibasi ankachita kuwanyamula anthu awiri.

"Amai, bwererani mukati, kuli fumbi," anatero Rumaisa akuwathamangira.

"Nisiye, mwanawe. Sinichoka pa geti."

Anafika pa chitseko cha galimoto, anachitsegula okha. Anatembenuka, n'kukhala pampando ngati akukhala pa mpando wa pabalaza. Analowetsa mwendo wabwino, kenaka winawo. Palibe amene anawagwira.



"Batate banu bananiimika pamene apa," anatero mayiwo akusisita nsalu ya mpando. "Banatenga nthambo, kupima kuchoka pansi kufika kumbuyo kwa bondo langa. Ati, 'Riziki, nalema kuona makondakita bakunyamula monga saka ya malasha. Za bantu bena siniziba, koma iwe uzayenda ku Kafue monga bwana.'" Anaseka pang'ono, napukuta diso ndi nsonga ya nsalu. "Pimani, ba Kapambwe. Katundu wake ndine."

Rumaisa anayang'ana mchimwene wake.  Sultan anaponya thumba lija pansi, fumbi n'kuti kobo, nalanda tepi m'manja mwa ba Kapambwe.

"Sisi, gwira uku. Ukalakwisa, ni iwe."

Anagona pansi onse awiri n'kupisa manja kunsi kwa galimoto, mitu ikugundana, akukangana za pamene tepi iyambire. Ba Kapambwe analemba mzere ndi choko pa shafiti, Sultan n'kuipanira ndi mawondo ake. Gilayinda inalira, moto unathetheka mpaka pa mpanda, amayi oyandikana nawo aja n'kuwomba m'manja.

Rumaisa anadzuka kuti akalandire ndodo ya mayi ake, imene inkawapinga m'miyendo. Koma mayiwo, osayang'ana n'komwe, anatambasula dzanja kuseri kwa mpando. Kumeneko kunali tizitsulo tiwiri topinda, towotcherera bwino, tokulungidwa ndi mphira. Ndodo inalowa n'kukhala phee.