A Nasibeko ndi Mvula Yodzalira

Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo limalowa m'galaja mwanga ngati mbala, kudzera m'mabowo a misomali a malata akale. Limalowa timizeretimizere, apa mbee, apo mbee, fumbi likuvina m'kamzere kalikonse, n'kukatera pamsana pa a Nasibeko, n'kuwasandutsa nkhanga. Nkhanga yachitsulo, nkhanga ya matayala anayi, nkhanga yoti chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi isanatuluke pakhomo.

A Nasibeko ndi galimoto yanga. Musaseke, vulani kaye chipewa. Anali a malemu bambo anga, ndipo kwa ine ndi aakulu ndi zaka zitatu, n'chifukwa chake sindiwatchula ngati mwana. Mphuno yaitali, maso awiri obulungira ngati a munthu amene wangomva kuti apongozi afika osanena, zitsulo zakutsogolo ng'aning'ani ngati mano a mkwatibwi. Pa nthawi yawo akamadutsa mu Chilomoni muno agalu ankaima njo kupereka ulemu, atambala n'kumalira masana, azimayi kumjigo n'kumasefukiritsa ndowa maso ali kumsewu. Anthu amati ndimakokomeza. Ine sindikokomeza, ndimangonena zoona zikadali zonenepa.

Zaka zisanu ndi zinayi ndili pansi pawo. Ndapala dzimbiri, ndapala, ndapalanso, mpaka zala zanga zinasalala ngati sopo wotsala. Ndamasula bauti aliyense, ndamusambitsa m'palafini, ndamupatsa moni, ndamubwezera kwawo. Ndapondaponda Ndirande yense ndi Limbe yense kufunafuna kachitsulo kochepa ngati chikhadabo cha mwana. Mipando ndinakasoketsa kwa telala. Penti ndinapaka ndekha, yobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi. Kunjaku a Nasibeko ndi namwali. M'katimu ndi nkhalamba youma mutu. Ukapotokola kiyi amangoti khe, khe, khe, ngati munthu wotsamwa chiponde, kenako zii.

Anzanga a pabawo amati bwanji osangoikankha, poti msewu wathu ndi wotsetsereka mpaka kumlatho. Kukankha? A Nasibeko? Agwidwe kumbuyo ngati minibasi yotha ntchito, ana a sukulu akuonerera? Ndinalumbira dzanja lili paboneti kuti adzadzuka ndi kiyi, mwaulemu, monga amadzukira anthu aakulu.

Koma pakhomo pano sindikhala ndekha. Pali make Sungeni, mkazi wanga, amene amakazinga mandasi ogulitsa pabwalo, kumbali kwa galajayi, malo opanda denga. Madzinja asanu ndi anayi wakazinga ambulera ili paphewa, mvula ikudonthera m'mafuta otentha, mafuta akuti tcha tcha n'kumamulumphira pamikono, pomwe a Nasibeko ali gone pansi pa malata, ouma gwa ngati bwana. Mikono yake ili ndi timadontho takuda toti mutha kuwerengerapo zaka. Mwezi wa Ogasiti anayankhula. Sanakweze mawu, sanaleke n'kutembenuza mandasi komwe.

"Bambo a Sungeni, mvula yodzalira ikagwa chigalimoto chanucho chisanatuluke ndi mpweya wake, ndikuitana Che Mtalika. Dzinja lino ine ndikazingira m'galaja."

Che Mtalika ndi mmisiri wa mbaula wa kumsika. Munthu wofatsa, wosekerera, wakupha. Galimoto zakale amaziduladula ndi tchizulo n'kuzisandutsa mbaula, ndipo theka la Chilomoni limaphikira pa zitseko za galimoto zimene kale zinkanyamula akwati. Chimvereni nkhaniyi amabwera Loweruka lililonse, akuti kudzazonda odwala. Amavula nsapato pakhomo la galaja, amalowa mwakachetechete, n'kuyamba kuyeza a Nasibeko ndi chikhatho, kuyambira pamphuno mpaka kumchira.

"Boneti iyi mbaula zinayi, achimwene. Zitseko ziwiriziwiri. Chitsulo chakale ichi, chokhuthala, sichipsa msanga. Yoyamba ndidzawapatsa alamuwa, azikazingirapo."

Amanena akuwasisita pamsana, monga achitira munthu ndi mbuzi ya Khirisimasi.

Ndiye taonani mmene ndakhalira. Dziko lonse likudikira mvula, ine ndekha ndikuiopa. Dziko lonse maso kumwamba kupempha, ine maso kumwamba kukana. Kutchalitchi abusa akati tipempherere mvula, mpingo wonse ameni wamphamvu, wanga ndimameza n'kutsokomola. Ndakhala mdani wa chimanga, mdani wa maungu, mdani wa achule. Atadziwa alimi a kwathu ku Ntcheu akhoza kundikwirira mumzere ngati manyowa.

Ndipo Okutobala sapatsa munthu mpata wokhala pansi. Kutentha kumatsika m'malata ngati phala. Nyenje zimalira m'mitengo, zimalira, zimalira, mpaka sudziwa ngati zikulira kunja kapena m'mutu mwako. Kamvuluvulu amanyamuka pamsewu, fumbi kobo, mapepala m'mwamba balala, n'kudzathera pakhomo langa ngati watumidwa. Phiri la Michiru lapsa malupsa, lili bii ngati pansi pa mphika, utsi uli tolo m'mbali mwake. Ndikagwira sipanala, khutu lili kudenga. Ndikalowa pansi pa galimoto, ndimatulukanso kukasuzumira kumwamba. Ndikasuzumira kumwamba, ndimathamangiranso pansi pa galimoto. Kamtambo kakang'ono ngati mpango kakaoneka kuseri kwa phiri, mtima uli phaphapha. Mango akagwera padenga kuti gu, ine ndafa kale, ndaikidwa, anthu abalalika.

Tiyi sindimumvanso kukoma. Ndayamwa petulo ndi paipi kambirimbiri moti ndikageya pafupi ndi mbaula make Sungeni amandithamangitsa.

Kumapeto kwa mwezi, tsiku lina masana, zinachitika. Mphepo inatembenuka, fungo la dothi lonyowa linafika mvula isanafike, kenako padenga tho, tho, thothotho, waa. Ndinaima pakati pa galaja sipanala ili m'manja. Inagwa nthawi yongokwanira kuphika tiyi, n'kuleka, dzuwa n'kutulukanso mbee ngati silinalakwe kanthu. Nthunzi inayamba kufuka pamsewu.

Pakhomo pano milandu ya mvula saweruza ndi pakamwa, amaweruza ndi khasu. Make Sungeni anatenga khasu lake, ine pambuyo ngati wopalamula, mpaka kukadimba ka kuseri kwa nyumba. Anagaula kamodzi. Tinawerama tonse awiri. Pamwamba dothi lakuda, lonyowa, kuzama kwake kachala kamodzi. Pansi pake fumbi lofiira psuu, louma ngati ufa.

"Chizimalupsa ichi," anatero. "Sitidzalira. Mwapulumuka."

Ndinavina, abale. Ndinavina pamzere pomwepo, bambo wa imvi zake, mpaka nkhuku za aneba zinathawira kwawo.

Koma chizimalupsa ndi kalata. Imakuuza kuti mwini wake ali m'njira. Masabata atatu otsatirawo sindinayende, ndinkangothamanga. Ndinabwereka batire ya aneba imene amaonera mpira. Ndinapala mapulagi mpaka anawala ngati ndolo. Ndinamasula kabuleta, ndinamuuzira ndi pakamwa, ndinamubwezera, n'kutsala ndi kasipuling'i kamodzi m'manja kosadziwika kwawo. Ndinawanyengerera a Nasibeko, ndinawakumbutsa maulendo a ku Ntcheu, ndinawatchulira dzina la bambo, ndinawaopseza kuti adzathera kunsi kwa chiwaya. Iwo khe, khe, khe. Zii. Anamzeze anayamba kuuluka chapansipansi. Linthumbu linadutsa pakhomo la galaja mzere wautali, litasenza mazira ake, likusamukira kumtunda, ndipo ndinaliyang'ana ndi nsanje, poti ilo likudziwa kopita.

Inabwera Lachinayi, nthawi ya chakudya chamasana. Michiru anazimirira. Kumwamba bii, pansi bii, nkhuku zinalowa m'khola poyesa kwada. Mphezi ng'ani, bingu n'kugubuduka pamwamba pa malata onse a Chilomoni, kenako madzi, madzi, madzi. Sinali yothothoza ayi, inali yokhuthula. Ngalande zinadzaza, msewu unasanduka mtsinje wofiira, ana anatuluka opanda malaya akukuwa, achule amene ndinkayesa anafa chaka chatha anayamba kwaya. Dziko lonse linali kuseka. Ine ndinakhala pampando wa dalaivala, zitseko zotseka, ndikupotokola kiyi mpaka batire ya aneba inasiya n'kutsokomola komwe.

M'mawa mwake kunacha kotsukidwa, masamba akudontha, ngumbi zikuuluka mbee pamwamba pa chulu. Khasu linalowa m'dothi ngati mpeni m'papaya. Kunyowa, kunyowa, kunyowa mpaka pampini. Make Sungeni anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutsamiritsa khasu kukhoma.

Che Mtalika sanachite kuitanidwa, mvula anaimva okha. Anafika ndi kathumba ka tchizulo ndi nyundo, nkhope ya pamaliro, mapazi a paukwati. Anati m'galaja ndi mothina, nyundo siingatambasuke, ndi bwino tiwatsitsire kumene amakhomera mbaula kumunsi kwa msika, poti njira yonse ndi yotsetsereka. Pachiwongolero pakhale wopepuka, amuna awiri tikankhe. Wopepuka anali make Sungeni. Anapukuta manja pachitenje, n'kulowa, n'kutseka chitseko mofatsa.

Choncho zimene ndinakana zaka zisanu ndi zinayi ndinazichita ndi manja anga. Ndinagwira a Nasibeko kumbuyo. Tinakankha. Matayala anamatuka pasimenti ndi kaphokoso ngati kupsompsona, mphuno yobiriwira inatuluka padzuwa, ndipo ndinaona koyamba kuti penti yanga ndi yokongola kuposa mmene ndinkadziwira. Tinadutsa pageti. Aneba anatuluka m'makonde, manja kumbuyo. Ine mutu pansi, matope akulowa m'zala za kumapazi, mumtima ndikuimba nyimbo ya kumanda. Pamtsetse galimoto inayamba kupepuka, inayamba kutitsogolera, ifeyo kuyenda, ifeyo kuthamanga.

Ndipo pagalasi lakumbuyo ndinaona phewa la make Sungeni likugwedera. Ndinamva giya ikulowa kuti khotyo. Ndinali nditaiwaliratu kuti chaka chimene tinakwatirana, bambo anamuphunzitsa kuyendetsa pagalimoto yomweyi, pabwalo la mpira la kusukulu, ine ndili pamthunzi ndikudya nzimbe.

Anasiya kilatchi. A Nasibeko anadzigwedeza ngati ng'ombe yolumidwa ndi chimphanga, chibwano changa n'kukagunda pachitsulo. Khu. Khukhu. Kenako phuu, kuphulika kumene kunagwetsa mango osapsa m'mitengo itatu, utsi wakuda bii kumaso kwathu, ndipo mkati mwa utsimo mawu. Mawu aja. Mawu okhuthala, onjenjemera, a m'chifuwa, amene ndinkawamva ndili mwana bambo akamakhota pakona, ine n'kuthamangira kukatsekula geti. Ndinaima pakati pa msewu kukamwa kuli yasa, petulo ndi misozi zikulimbirana malo.

Galimoto sinaime. Mutu wa duku unatuluka pawindo.

"Ndikaima azimanso! Lowetsani mbaula ndi ufa m'galajamo, mitambo iyo!"

Basi, anapita. Kutsetsereka, kukhota, matope akuthovokera m'mbali, agalu a masiku ano osadziwa ulemu akuuwa pambuyo.

Che Mtalika anaika kathumba kawo pansi, akupumira m'mwamba, thukuta kamukamu.

"Achimwene, ndiye kuti ndiwo zanga ndazikankha ndekha kuti zithawe?"

Ndinawapepesa monga tipepesera anamfedwa, ndi manja awiri.

Tsopano ndanyamula mbaula, ndanyamula ufa, ndanyamula chiwaya ndi chigubu cha mafuta, ndaika zonse pakati pa galaja. Kukula kwake! Sindinkadziwa kuti ndinamanga tchalitchi. Ndikatsokomola makoma akuyankha. Manja anga akungolendewera, akufuna chomasula, akufuna chopala, palibe. Ndakhala pansi, ndadzuka. Ndapita pageti, ndabwerera. Khutu lili kumunsi: uko a Nasibeko akuwoloka mlatho, uko akukwera chitunda cha kutsidya, akusintha giya, akulira hutala ngati tsekwe wokalamba, ndipo sindikudziwa ngati petulo amene ndinathiramo ndi botolo akwanira kubwerera.

Kumwamba kwayambanso kuda. Dontho loyamba landimenya pamphumi. Ndipo apa pakhoma, pamsomali, pali mawaipa awiri atsopano, opukutira mvula pagalasi, amene ndinati ndidzamangirira tsiku lomaliza, pamwambo, anthu akuomba m'manja. Ndawatsomphola. Ndili pageti, phazi limodzi m'kati, phazi limodzi kunja, mawaipa m'manja ngati munthu wopita kukaimbitsa kwaya, ndikuyeza ndi maso kutalika kwa mtsetsewu.

Ndiyamba kuthamanga.