Thewera la Tino Likadali Louma

Komatu pakanapanda Marisa, mlamu wake wophunzitsa ku sikola, yemwe uja Hortência anamumana moni atamukokera ku Ulongwe kukaunikitsa mimba — ngati kuti mwana amasuzumiridwa asanabadwe, ngati kuti kwawo ku Domwe mkazi amaulula n'komwe kuti ali ndi pakati — pakanapanda iyeyo, bwenzi Tino, mwana wa Hortência, atabadwira kumudzi, n'kutsekeredwa m'chikuta mpaka mchombo utagwa, kamimba kakutupa, akuluakulu akuyamikira kuti mwana wakhuta.

Makina ounikira mimbawo anaonetsa chikhodzodzo chofufuma, adotolo nati njira ya mkodzo ndi yotseka, impso zikuvutika, mwanayu akabadwire ku Tete. Wabadwiradi kuno, kumene ngakhale khoma limatentha, amutsegula njirayo ndi kachitsulo koonda ngati udzu, ndipo m'mawa uno anamwino achotsa kapaipi kamene kamamutulutsira mkodzo.

"Tsopano akodze yekha, mayi. Likapendeka dzuwa asanatero, tikabwezeretsa."

Dzuwa lafika pamutu. Hortência wamufungata Tino, chala chikungobwerera kuthewera, pouma, ndipo ngakhale adotolo ananena kuti palibe amene analakwa, kuti zimangochitika, iye akukumbukira momwe ankamangira kapulana, nsalu yake ija, m'chiuno mothinitsa kuti anzake okumba nawo mbatata asazindikire — kodi si mfundo imeneyo inamutseka mwana? — ayi, anati palibe, koma adotolowo sanaione mfundoyo, anaiona ndi Marisa yekha, n'kungoti, tiyeni alamu tikakwere shapa, ikutisiya.

Ndi uyu Marisa walowa, thukuta kamukamu, atanyamula madzi.

"Alamu, mulibowola theweralo. Bweretsani akodzere ine, kapulana yangayi ndi yatsopano, aidalitse."

Hortência akufuna kunena zikomo, zikomo wamkulu woti agwade naye pansi pa simenti pomwepa, pamodzi ndi moni uja anamumana.

"Khalani pansi, mwatopa," watero basi.

Marisa wakhala, wayamba kudandaula za mtengo wa nthochi kuno kuchigwa, ndipo pakati pa nkhaniyo Hortência wamva kufunda pantchafu, pang'ono chabe, mwina n'thukuta lake lomwe, pajatu kuno chilichonse chimafunda — koma mwana akamakodza sadzidzimutsidwa, amaleka, ndiye sakuyang'ana, sakusuntha chala, wagwira mpweya, kufundako kukuyenda pang'onopang'ono kulowera kubondo.