Mbatatesi za a Gerevazio

"Ndiye zibiriwire zonsezi chifukwa cha mabuku ako?" anatero Mervis, akuloza milu ya mbatatesi imene inali padzuwa.

"Zibiriwire," anayankha Zondiwe. "Anadzala ndani? Anakumba ndani? A Gerevazio aja khasu amalidziwa?"

Mervis anali chibwenzi chake, koma tsiku limenelo ankamuyang'ana ngati mlendo. Dzulo lake aganyu onse anakumba dimba lonse, lero n'kukana kulongedza m'matumba. Mbatatesi zikakhalitsa padzuwa zimabiriwira, ndipo palibe venda amazigula. Lole ya ku Lilongwe inali kudikira pa Linthipe.

Kale dimbalo linali la mayi ake a Zondiwe. A Gerevazio atabwera ndi injini yopopera madzi, kamtsinje kanauma kumunsi, eni madimba n'kuyamba kugulitsa mmodzimmodzi mpaka dambo lonse linatsala m'manja mwa munthu mmodzi. Eni ake aja anabwereramo ngati aganyu. Chaka chimenecho a Gerevazio analetsanso kukunkha, zoti munthu atoleko zotsalira akatha kukolola.

Zondiwe, amene anali atangomaliza Fomu 4, ndiye anauza anzake zimene anawerenga m'buku long'ambika chikuto: kuti chuma chimachokera m'manja mwa wogwira ntchito, ndipo mwini injini amangodya thukuta la ena. Ankawalonjeza dambo la anthu onse, injini ya anthu onse, madzi oyenda mosinthana. Polankhula ankaliona dambolo lili biriwiri, iye ndi Mervis akuyenda pakati pake.

Dzuwa litafika paliwombo, a Gerevazio anatulukira pa njinga yamoto, milomo itauma. Sanakalipe. Anavula chipewa n'kunena kuti kukunkha kuyambirenso, ndipo aliyense atenge ndowa imodzi popita kwawo. Ananenanso kuti injini izipuma masiku awiri pa sabata kuti madzi afike kumunsi.

Amayi anayang'anana. Wina anatola thumba, wina n'kutola lake. Zondiwe anaponda mulu wa matumbawo, nawauza kuti adikire mawa lokha, munthuyo afewa zenizeni. Koma ankadziwa kuti pofika mawa sipakhala choti n'kukambirana, zonse zikhala zitaonongeka, ndipo maganizo amenewo ankamukoma ngati uchi.

Mervis anamukoka dzanja n'kupita naye kuseri kwa nthochi.

"Kukunkha watipatsa, madzi watipatsa. Mayi ako omwe agwira thumba, uwaone uko. Zondi, usandiuzenso za m'buku. Iweyo ukufuna chiyani?"

Zondiwe anayang'ana mayi ake atawerama m'dimba limene anamulereramo, akutolera mbatatesi za munthu wina.

"Ndikufuna asauke," anatero motsitsa mawu. "Injiniyo agulitse, njinga agulitse. Adzabwere pakhomo pathu ndi khasu paphewa kudzapempha ganyu, ine ndiwauze kuti akayesenso mawa."