Tsamba la M'mwala

Kwathu kwa Mlonyeni mpaka lero anthu amadziwa kuti ine Imelda ndimaswa miyala. Anawauza ndi amayi anga. Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti ndimagwira ntchito ku nyumba yosungirako zinthu zakale, kuti ndimafufuza zomera zimene zinamera dziko lisanakhale ndi munthu, zinakwiririka m'matope n'kusiya chithunzi chake m'miyala. Amayi amagwedeza mutu ngati amva, Lamulungu kutchalitchi n'kumauza anzawo kuti, "Mwana wanga uja, sukulu yonse ija, koma ali pa miyala."

Tsiku lina anandifunsa, "Masamba ali mbwee pabwalopa, timachita kusesa. Iwe a m'mwalawo ukufuna utani nawo?"

Ndiye chaka chatha ndinati ndiwaonetse ndi maso. Ndinali pa ulendo wa ku Lusaka, kumene anzanga a ntchito ngati yanga ankafuna kuona mwala umene ndinaupeza kumpoto, pafupi ndi mgodi wa malasha. Unali wafulati, wokwana m'manja, ndipo pamwamba pake panali tsamba lakuda looneka ngati lilime, mitsempha yake yonse ili poyera. Masamba otere ndatola ambirimbiri. Koma ili linali ndi kambewu kake kali chimamatirire, chinthu chimene ndinachisaka kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi kuyamba. Mbiri yanga yonse pa ntchito inali pa kambewu kameneko. Poti msewu wa ku Zambia umadutsa pa Mchinji, ndinati ndigone kwathu.

Ndinafika masana. Pamkeka pakhonde ndinatulutsa zimene ndinawagulira pa Boma: shuga, sopo, mafuta odzola ndi chitenje. Kenako ndinamasula nsalu ndi thonje, n'kuika mwala uja pomwepo. Mawu oyambira ndinali nditawakonza kale mu minibasi. Ndisanatsegule pakamwa, mchimwene wanga Cyprian anatulukira pa njinga.

"Amalume amva kuti mwafika. Akuti ulendo watha munangodutsa osawaona. Tiyeni pompano."

"Ndikubwera, amayi," ndinatero.

Kwa amalume kulibe zoti ndikubwera. Moni wa aliyense payekhapayekha, pemphero, mitengo ya fodya, kudula kwa feteleza, ndiponso funso lija loti ndidzakwatiwa liti. Ndinabwerako dzuwa litapendeka. Pakhonde panalibe kanthu. Shuga anali m'nyumba, chitenje chitapindidwa pampando. Mwala sunaoneke. Ndili chiimire, ndinamva phokoso kuseri, kubafa la udzu: kwe, kwe, kwe. Aliyense wokulira kumudzi amalidziwa phokoso limenelo.

Ndinathamanga mpaka nsapato imodzi kutsala panjira.

Amayi anali atakhala panjerwa pakhomo pa bafa, beseni lili pambali, phazi limodzi lili thovu lokhalokha. Ankalikwecha ndi mwala wanga.

"Amayi! Mukutani?"

"Iii, ukundidzidzimutsa bwanji? Koma mwanawe, mwala uwu unasankha. Sukanda, sutereranso. Unali ndi litsiro lakuda pamwambapa, koma likuchoka."

Litsiro! Ndinawalanda. Tsamba lija linangotsala kachidutswa ka kunsonga. Pamene panali kambewu panali posalala ngati mbale. Chinthu chinapirira zaka mamiliyoni pansi pa nthaka, chinapulumuka mafosholo a ku mgodi, chinapulumuka minibasi ya ku Lilongwe, n'kudzathera pa chidendene cha amayi anga! Ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula. Ndinanena za ku Lusaka, za zaka zanga, zoti chithunzi cha pa kamera sichingalowe m'malo mwa mwala, zoti pamudzi pano palibe ndi mmodzi yemwe amene anayesapo kumvetsa ntchito yanga. Mpaka Chizungu chinalowererapo.

Amayi anandisiya mpaka ndinatopa ndekha. Kenako analankhula motsitsa mawu.

"Ine ndimati wandibweretsera. Unali pamodzi ndi sopo ndi mafuta. Ndinati lero lokha ntchito ya mwana wanga yandikumbukira. Ndinakawaonetsanso amake Dalitso."

Ndinayang'ana pansi kuti ndisanenenso zina. Pansipo panali mapazi awo. Zidendene zinali ndi ming'alu yakuya, ina yofiira mkati. Ndi mapazi omwe aja ankalawirira ku esiteti ya fodya opanda nsapato, ine ndikupita kusukulu nditavala zanga. Limodzi linali litayera bwinobwino. Linalo linali lidakali ndi fumbi la kudimba.

Ndisaname, mkwiyo sunathe. Mpaka lero ndikakumbukira kambewu kaja mutu umandiwawa, ndipo ku Lusaka ndinakaima pamaso pa anzanga ndi zithunzi zokhazokha, ndikufotokoza chinthu chimene kulibenso. Koma tsiku limenelo kambewu kanali katapita kale ndi madzi a sopo, ndipo kukalipa sikukanakabweza. Ndinakwinya siketi, ndinagwada pamatope paja, n'kuviika mwala m'beseni.

"Bweretsani linalo," ndinatero.

Anatambasula mwendo pang'onopang'ono, n'kuika phazi pabondo langa. Nditangoti ndiyambe, anandigwira dzanja. Anaweramira pa mwalawo n'kuuyang'ana kwa kanthawi.

"Utembenuze," anatero. "Ungafufute katsamba kako katsalako."