Wamoyo ndi Liao, Wakufa ndi Zhang

Kumudzi wa Guanpi ukakwera phiri la manda a banja la a Liao, supezako Liao ndi mmodzi yemwe. Mwala uliwonse unalembedwa kuti Zhang. Alendo amayesa asochera, koma eni mudzi sacheuka n'komwe.

Qiu Haiming phirilo ankalidziwa ndi msana. Anabwera m'mudzimo ngati mkamwini, atakwatira Xiuzhen, mwana yekhayo wa a Liao Changgen, ndipo anavomera kuti ana ake adzatenga mfunda wa mayi awo. Abale ake kwawo anamuseka mpaka misozi. Chaka chilichonse, tsiku losesa manda, iye ndiye ankasenza madengu a nkhuku, nyama ya nkhumba ndi mowa wa mpunga. Akatula, ankaima kumbuyo pansi pa mtengo wa paini, amuna a Liao akuyatsa lubani. Palibe anamuuzapo kuti aziima kumeneko, komanso palibe anamuitanapo.

Chaka chimenecho dzanja la a Changgen linayamba kunjenjemera. Tsono pamwala wa bambo awo pamafunika kudzoza dzina ndi penti wofiira, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti wolandira burashiyo ndiye mwana wa nyumbayo, amene adzaike nkhalambayo m'manda ndi kuimira banja. Fugui, mwana wa achimwene awo a Changgen, anachita kugulira malaya atsopano.

M'mawa, akumanga madengu, Haiming anauza mkazi wake mosabisa kuti mtima ukumuwawa.

"Ndikaimanso pansi pa mtengo uja lero, chaka chamawa sindikwera. Ine si bulu wa a Liao."

"Bulu salankhula chonchi," anatero Xiuzhen. "Nyamulani, nkhuku izizira."

Anayankha moseka, koma maso ake sankaseka.

Njira yonse Fugui anali patsogolo, manja m'thumba, pakamwa posapuma.

"Alamu, limbikani! Paja munasiya dzina lanu pakhomo, ndiye mwapepukidwa. Onjezerani dengu lina."

Anthu anaseka. Haiming anangopitirira.

Atafika anasesa, anazula udzu, anayala zakudya. Haiming anapita kumtengo wake. A Changgen, munthu wa mawu ochepa ndi ukali wambiri, anagwada, anaviika burashi, koma dzanja linawakana. Penti anadontha n'kutsetsereka pamwala. Nthawi yomweyo Fugui anatambasula dzanja.

"Bambo aang'ono, musavutike. Magazi alipo. Mlendo ndi mame, ntchito ngati izi n'zathu."

A Changgen anamuyang'ana kuyambira kumalaya mpaka kunsapato.

"Tandiwerengera dzina lili pamwalapa."

"Zhang."

"Nanga iwe ndiwe yani?"

"Liao. Aa, bambo, ndi mwana yemwe amadziwa: wamoyo ndi Liao, wakufa ndi Zhang."

"Unaloweza bwino. Chifukwa chake?"

Fugui anakanda kumutu. Nkhaniyo ankaidziwa, inde, monga aliyense paphiripo, koma anali atanunkhiza kale kumene ikulowera.

"Poti wachita chibwibwi, ndinena ndine," anatero a Changgen, mawu akukwera kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Kholo lathu loyamba linali la mfunda wa Zhang. Linafika kuno chimanjamanja, n'kupeza munthu wa Liao amene anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Linakwatira mwanayo, linakhala pakhomo pa apongozi, linawalimira, linalonjeza kuti dzina lawo silidzafa. Kenako panabadwa mwana wamwamuna mmodzi, basi. Mwana mmodzi, nyumba ziwiri! Ungamudule pakati? Ndiye pomwalira linamuuza kuti, ukali moyo khala Liao, ubweze ulemu kwa amayi ako. Ukafa ubwerere kwa ine, ukhale Zhang. Makolo anatiuza choncho, ndipo mpaka lero sitinaphonye. Mafuko ena amadzitama kuti anachokera kwa mafumu. Ife tinachokera kwa munthu amene anasunga mawu ake."

Anapuma pang'ono, akutsokomola.

"Tsono iwe Fugui, munthu ameneyo, amene umamugwadira mpaka mawondo kuda, anali ndani pamudzi pano?"

Fugui anayang'ana pansi. "Mkamwini."

"Kweza mawu, makutu anga anakalamba."

"Anali mkamwini, bambo."

A Changgen anatembenuka.

"Haiming! Waima uko ukudikira kuti uphuke masamba? Tabwera kuno."

Haiming anachoka pansi pa mtengo uja. Anadutsa pakati pa amuna a Liao, iwo akupatuka, nagwada pafupi ndi apongozi ake. Burashi inali italozetsedwa kale kwa iye.

"Bambo, ine ndine Qiu," ananena motsitsa. Sankafuna kulandira chinthu choti mawa adzamulande.

"Ukuyesa ndaiwala? Uja anali Zhang. Mudzi wonsewu ndi ana ake." Nkhalambayo inamukankhira burashi m'manja mwaukali, ngati ikumupatsa chilango. "Ana ako ndi a Liao, ndipo umawadyetsa ndiwe. Ine udzandiika apa. Iwenso tsiku lako likadzakwana udzagona mzere womwewu, pamwala pako padzalembedwa Qiu, ndipo a Liao adzakugwadira. Wotsutsa atsutse ndikali moyo."

Palibe anatsutsa. Xiuzhen anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kunamizira utsi wa lubani.

"Fugui, mugwirire chitini cha penti mlamu wakoyo. Usamale malaya."

Haiming anayamba wapukuta dontho lija ndi chala chake. Kenako anaviika burashi, nalondola mizere yogobedwa pamwala pang'onopang'ono, mpaka dzina la Zhang linaoneka lofiira kuchokera patali. Chifuwa chinamudzadza ndi kunyada, moti anaopa kupuma kuti angakhotetse mzere. Atamaliza, a Changgen anasuzumira pafupi, akufunafuna pomudzudzula, koma sanapapeze.

"Eya," anatero. Kwa iwo mawu amenewo anali chitamando chachikulu.

Makombola anaphulika, anthu anadya. Potsika, Haiming mwachizolowezi anawerama kuti anyamule madengu, koma apongozi ake anamugwira pamkono n'kumutsamira.

"Asiye awo, anyamula ena. Iwe unditsitse, mwana wanga."